Musanalowetse ana m'madzi ku Durban, yambani mwafufuza paipi

Ndidakulira ku Nkhotakota, nyanja ili pakhomo. Tinkasamba momwemo, amayi ankatsukira mbale momwemo, ludzu likakupeza uli m'bwato unkangotunga ndi dzanja n'kumwa. Ndiye nditayamba kumatenga banja langa kuchoka ku Johannesburg kupita ku Durban pa tchuthi cha Disembala, za madzi sindinkafuna kuuzidwa ndi munthu. Mwana wa kunyanja angamuuze chiyani wina za madzi? Pamwamba pa izo ntchito yanga kuno ku Joni ndi ya mapaipi, ndine pulambala, tsiku ndi tsiku dzanja langa lili m'ngalande za anthu. Koma amene adandiphunzitsa ndi mzime wanga, ali ndi zaka 4, atapinda miyendo pa mpando wakumbuyo mu msewu wa N3, ife tikuima pa malo omwetsera mafuta alionse kufunsa kuti chimbudzi chili kuti.

Zidachitika chonchi. Tidafika pa gombe lina chakumwera kwa Durban, mafunde akuswa ngati mwera wa mu Julayi. Mayi akunyumba atangowaona adati, "Abambo, anawa kumafunde uko ayi, ndakana." Ine ndidavomereza, chifukwa nyanja yamchere siisewera ngati yathu ija. Chapafupi panali kamtsinje kodula mumchenga, katapanga kadziwe kofika m'maondo, madzi ake ofunda bwino, osagwedezeka, ana a anthu ali yakaliyakali momwemo. Tidawaika athuwo, ife n'kukhala pansi kutsegula poto wa mpunga ndi nkhuku. Chakumadzulo ndikufuna pokataya madzi, ndidatsata kamtsinje kaja chokwera. Sindidayende mtunda. Kankatuluka m'chipaipi cha simenti pansi pa msewu, pakamwa pake patakodwa matewera, timapepala tonyowa topukutira ana, ndi ndere zotuwa zoterera zija zimene ine ndimazidziwa bwino pa ntchito yanga. Ndidaima pamenepo manja ali m'chiuno. Mwana anali atamwa kale.

Cholakwa chinali changa, ndipo ndachiona kwa abale athu ambiri ochokera kumudzi. Timaopa mafunde, ndiye timasankhira ana madzi odekha a pamathiriro a mtsinje kapena a m'kadziwe ka mumchenga. Pa gombe lonselo, madzi amenewo ndiwo amakhala oipitsitsa. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndimachita tsopano, kuyambira ndisanalipire pogona mpaka tikamabwerera.

Tisananyamuke

Durban ili ndi mbiri yake pa nkhaniyi, ndipo kuidziwa kumathandiza. Mu Epulo 2022 kudagwa chimvula chimene m'madera ena chidapitirira mamilimita 300 pa tsiku limodzi. Anthu oposa 400 adamwalira m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Madzi osefukira adakokolola mapaipi a suweji, adawononga mapampu ndi malo oyeretserako madzi a m'zimbudzi, ndipo nyansi zidayamba kutsikira m'mitsinje n'kukathera m'nyanja. Magombe ambiri adatsekedwa miyezi ingapo, ena ankatsegulidwa lero n'kutsekedwanso sabata yamawa. Kuzimazima kwa magetsi kwa zaka zimenezo kudawonjezera vuto, chifukwa suweji siikwera phiri yokha, imadalira pampu, ndipo pampu ikaima thanki imadzaza n'kusefukira kumene kwatsetsereka. M'tauni ya m'mphepete mwa nyanja, kotsetsereka ndi kunyanja.

Khonsolo ya eThekwini, imene imayang'anira Durban, imayeza madzi a m'magombe ake n'kumalengeza zotsatira pa intaneti ndi pa tsamba lake la Facebook, pamodzi ndi mndandanda wa magombe otsegula ndi otseka. Palinso bungwe la Adopt-a-River limene lakhala likuyeza paokha mogwirizana ndi labotale ya Talbot. Ine ndimayang'ana zonse ziwiri. Zikagwirizana mtima umakhala pansi. Zikasiyana ndimatsata imene yaipa, chifukwa amene adzagone osagona usiku ndi mwana ndine.

Mukatsegula zotsatirazo mudzaona dzina la gombe, mawu akuti E. coli, ndi nambala. E. coli ndi bakiteriya wokhala m'matumbo a anthu ndi nyama. Mitundu yake yambiri siidwalitsa n'komwe. Amamuwerenga chifukwa ndi mboni: ndowe ukazipeza panjira umadziwa kuti ng'ombe zadutsa, ngakhale sudazione. Akachuluka m'madzi ndiye kuti chimbudzi chalowamo, ndipo pamodzi nacho pabwera mavairasi ndi tizilombo tina totsegula m'mimba timene kuyeza kwake n'kovuta ndiponso kodula. Nambalayo ndi ya mabakiteriya opezeka m'mamililita 100 a madzi, osakwana ndi theka lomwe la kapu ya tiyi. Malire amene amagwiritsidwa ntchito ku South Africa ndi 500. Pansi pa 250 ndi madzi abwino kwambiri, pakati pa 250 ndi 500 ndi ololeka, kupitirira 500 musalowe. Mukaona nambala ya masauzande, ngakhale kuviika phazi n'kosafunika.

Nthawi zina pambali pake pamakhala mzere wina wolembedwa enterococci. Ameneyu ndi bakiteriya winanso wa m'matumbo, koma amapirira m'madzi amchere kuposa E. coli amene amafa msanga ndi mchere ndi dzuwa. N'chifukwa chake a World Health Organization amalimbikitsa kuti m'nyanja yamchere aziwerenga ameneyu. Malire ake ndi otsikirapo, akapitirira 200 madziwo sali bwino. Ngati E. coli ali pansi koma uyu ali pamwamba, khulupirirani uyu.

Tsopano apa ndi pamene ambiri timapusitsika. Yang'anani deti limene madziwo adatungidwa, osati limene chikalatacho chidaikidwa pa intaneti. Ku labotale amawasunga pofunda pafupifupi tsiku lathunthu kuti mabakiteriya amere awerengeke, ndipo samatunga tsiku lililonse. Nambala imene mukuiona Lachisanu ikhoza kukhala ya madzi a Lolemba. Ngati pakatipo kwagwa mvula, nambala imeneyo yatha ntchito. Ine ndimabwerera m'mbuyo kuona zotsatira zinayi kapena zisanu zondondozana za gombe lomwelo. Gombe limene likungokhala pa 50, pa 80, pa 120 mwezi wonse ndimalidalira. Limene sabata ino lili pa 40, yatha linali pa masauzande, ndiye kuti chapafupi pali paipi kapena pampu imene ikuvuta, ndipo idzavutanso tsiku limene mwalowa inu.

Kenako tsegulani mapu a pa foni muone mitsinje. Kumpoto kwa magombe a pakati pa tauni kuli mtsinje wa Umgeni, umene umathira m'nyanja pa Blue Lagoon utadutsa m'mafakitale, m'makomboni ndi pafupi ndi malo oyeretserako suweji. Magombe oyandikana nawo, monga Laguna, Thekwini ndi Country Club, ndiwo amayamba kulandira zimene mtsinjewo wanyamula. Ku Umhlanga kuli mtsinje wa Ohlanga, womwe uja udatengera mankhwala oopsa kunyanja mu Julayi 2021 nyumba yosungiramo mankhwala a mbewu itapsa ku Cornubia pa nthawi ya zipolowe. Posankha pogona ndimasankha pamene ndingafike pa magombe awiri kapena atatu osiyana mosavuta, kuti limodzi likatsekedwa tisakhale m'chipinda kuyang'anana. Ndimafunsanso eni malo ngati ali ndi dziwe losambira lothira mankhwala, ndiponso ngati amabweza ndalama munthu akasintha masiku. Safunsa adadya phula.

Za mvula

Disembala ndi dzinja ku Durban ngati kwathu, ndipo mvula yake imabwera ndi mabingu madzulo. Ndikuuzeni chimene chimachitika pansi pa nthaka, poti ndiko ndimagwira ntchito. M'tauni muli mapaipi a mitundu iwiri. Ina ndi ya suweji, yochokera m'zimbudzi ndi m'mabafa kupita kokayeretsedwa. Ina ndi ya madzi a mvula, yochokera m'misewu ndi m'madenga, ndipo iyi siipita kokayeretsedwa kulikonse, imangolunjika kumtsinje kapena kugombe. Pa pepala mapaipi awiriwa sakumana. Pansi pa nthaka amakumana tsiku lililonse. Ndapeza nyumba zosawerengeka zimene mwini wake adalumikiza madzi a padenga ku paipi ya suweji kuti pabwalo pasamachite matope. Mvula ikagwa, paipi imene idapangidwira madzi a m'zimbudzi okha imalandira madzi a madenga a mzere wonse, imadzaza, chivindikiro cha chitsulo chija cha pamsewu chimanyamuka, ndipo zonse zimayenderera mumsewu n'kulowa m'ngalande ya mvula. Onjezanipo mafuta ophikira amene anthu amathira mu sinki n'kukaundana m'paipi, matewera, ndowe za agalu, zinyalala za pamsika. Mvula yoyamba imatsuka tauni yonse, ndipo madzi otsukirawo mumawapeza ku gombe m'mawa mwake.

Lamulo langa ndi lakuti ikagwa mvula yamphamvu, yoyendetsa madzi mumsewu, timadikira masiku atatu tisanalowe m'nyanja. Si ine ndidayambitsa: ku Los Angeles akuluakulu a zaumoyo amachenjeza anthu kuti apewe madzi a m'nyanja kwa maola 72 mvula ikagwa. Ngati yangowaza, gombe lili kutali ndi mtsinje, ndimadikira tsiku limodzi. Ndikudziwa kuwawa kwake. Mwayenda makilomita pafupifupi 570, mwalipira mageti a pamsewu, mwapatsidwa masiku anayi okha ndi abwana, ana avala kale zosambira kuyambira 6 koloko m'mawa. Pamenepo m'pamene munthu umayamba kudzinamiza kuti mchere umapha tizilombo tonse. Umapha tina, pang'onopang'ono, koma mavairasi amakhalamo masiku ambiri.

Mlamu wanga amene ali ku England amati kumenekonso nkhani ndi yomweyi, mvula ikachuluka makampani a madzi amatulutsira suweji m'mitsinje ndi m'nyanja, ndipo iye asanapite kugombe amayang'ana pa apu ya pa foni ya bungwe la Surfers Against Sewage. Ku Cape Town nako kuli mapaipi otayira suweji m'kati mwa nyanja ku Green Point, Camps Bay ndi Hout Bay. Choncho musaganize kuti mukasintha tauni ndiye kuti mwathana nazo.

Mukafika pa gombe

Asiyeni ana akhale kaye pa chitenje ndi mayi awo, inu muyende. Ine ndimayenda mphindi khumi mbali iyi, mphindi khumi mbali inayo, maso ali kumtunda osati kunyanja. Ndimafuna paipi, kalavati, ngalande, kapena kanjira konyowa kodula mumchenga. Ngati kwakhala kouma masiku angapo koma paipi ya madzi a mvula ikutulutsabe madzi, dzifunseni kuti akuchokera kuti. Mwina ndi kasupe kapena mpope wophulika, koma kawirikawiri ndi suweji imene yaboola njira. Ndikaipeza paipi yotere timasamuka, mtunda wosachepera bwalo la mpira limodzi kapena awiri, ndipo ndimaona kumene madzi ake akulowera akafika m'nyanja, chifukwa amatsata mphepo ndi mafunde, lero kumpoto mawa kumwera.

Mphuno imathandiza. Nyanja ili ndi fungo lake la mchere ndi ndere, limenelo si vuto. Fungo la dzira lovunda kapena la chimbudzi chodzaza ndiye lokuthamangitsani. Maso nawonso: mkanda wa madzi ofiirira wotalika kuchokera pamathiriro a mtsinje, thovu lachikasu losaphwa msanga, mafuta oyandama, nsomba zakufa. Yang'ananinso mzere wa zinyalala umene mafunde asiya pamchenga. Zigoba, timitengo ndi ndere n'zachilengedwe. Koma mukaonapo timapepala topukutira ana, timitengo tapulasitiki totokosera m'makutu, mapadi ndi makondomu, zimenezo zidadzera m'chimbudzi cha munthu.

Komabe maso asakunyengeni. Madzi akhoza kukhala oyera mbee, mchenga ukuoneka pansi, mabakiteriya ali masauzande m'kapu imodzi. Chikomekome cha nkhuyu. Kadziwe kamene kadadwalitsa mwana wanga kanali koyera kuposa nyanja yomwe.

Pitani kwa anyamata opulumutsa anthu aja ovala zofiira ndi zachikasu mukawafunse. Amakhala pamenepo tsiku lonse, amadziwa tsiku limene paipi idatulutsa zoipa, ndipo iwo eni amalowa m'madzimo. Ine ndimafunsa molunjika kuti gombeli lidatsekedwapo liti komaliza, ndipo chifukwa chake chinali chiyani. Mbendera ziwiri zofiira ndi zachikasu zimene amazika pamchenga zimakuuzani pamene iwo akuyang'anira ndiponso pamene palibe mkokomo wokokera munthu pakuya. Sambani pakati pa mbenderazo nthawi zonse, koma dziwani kuti sizinena za ukhondo wa madzi. Ya ukhondo ndi ina, yobiriwira ngati mtambo, yotchedwa Blue Flag. South Africa idali dziko loyamba kunja kwa Ulaya kulowa m'ndondomekoyi mu 2001, ndipo amaiyendetsa ndi a bungwe la WESSA. Gombe limapatsidwa mbenderayi kwa nyengo imodzi, madzi ake amayezedwa kawirikawiri, ndipo zotsatira zimayenera kumatidwa pa bolodi pomwepo. Imalandidwanso, Durban idataya zingapo mwa zake mu 2008. Mukaona mtengo wa mbendera uli chiimire wopanda nsalu pa gombe limene limadzitama nayo, funsani.

Chikwangwani choletsa kusamba chikakhalapo, musatengere kuti anthu ena alowa. Pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale anthu amakhala ngati nyerere, ndipo ambiri sadawerenge n'komwe.

Nanga ana aang'ono, oopa mafunde, tiziwaika pati? Funso limeneli ndi limene mayi akunyumba adandifunsa chaka chotsatira, ndipo linali loona. Timapita nawo pakati pa mbendera, m'mphepete penipeni pamene funde limafika litatha mphamvu, wamkulu atawagwira dzanja. Madzi a pamenepo amasinthika ndi funde lililonse. Apo ayi timapita ku maiwe a ana omangidwa ndi simenti a m'mbali mwa msewu wa kugombe, amene amathiridwa mankhwala, titaona kaye kuti madzi ake ndi oyera ndipo akununkhira klorini. M'dziwe la pamathiriro a mtsinje ayi, ngakhale mutadzaza ana a anthu ena chotani.

M'madzimo ndi potuluka

Matenda ambiri amalowera pakamwa. Wamkulu amatseka pakamwa funde likabwera, mwana amaseka n'kumeza. Ndiye ngati ndili ndi chikaiko pang'ono ndi madzi, ana amasewera osamiza mutu. Amene ali ndi chilonda chosapola, kaya ndi chodzicheka ndi lezala kaya chopunthwa, asalowe, makamaka wodwala shuga, mayi woyembekezera, agogo, ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake ndi chotsika. Wina akadzicheka ndi mwala kapena botolo ali m'madzimo, atuluke pompo, tsukani ndi madzi a m'botolo ndi sopo, mumange.

Mchenga wonyowa umasunga mabakiteriya nthawi yaitali kuposa madzi. Mwana amakumba dzenje, amadzikwirira, kenako dzanja lomwelo alowetsa m'poto kutenga mwendo wa nkhuku. Ife timanyamula chigubu cha malita 5 cha madzi a pampope ndi kachidutswa ka sopo, ntchito yake kusamba m'manja basi, ndipo palibe amene amagwira chakudya asadadzere pa chigubupo. Potuluka timadzitsuka pa mashawa a pagombe, tikafika kogona timasamba ndi sopo, makutu timapukuta bwino ataweramitsa mutu mbali iyi ndi iyo kuti madzi atuluke. Zosambira timachapa tsiku lomwelo, osazisiya m'jumbo mpaka mawa.

Zikavuta

Kutsegula m'mimba ndi kusanza zimayamba pakatha tsiku limodzi kapena atatu, nthawi zambiri muli pa ulendo wobwerera. Ena amamva khutu kuwawa, maso kufiira, kapena zidzolo. Chopha mwana msanga ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndiye m'chikwama mwathu simusowa mapaketi a ORS, omwe kwathu timawadziwa kuti Thanzi. Akasowa, njira imene amaphunzitsa m'zipatala za kuno ndi iyi: lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, masupuni aang'ono 8 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mwetsani pang'onopang'ono, akasanza dikirani mphindi khumi muyambirenso, woyamwa apitirize kuyamwa. Musampatse mwana mankhwala oimitsa m'mimba a akuluakulu, ndipo musamwe maantibayotiki otsala a chaka chatha. Mukaona magazi m'chimbudzi, thupi kutentha kwambiri, maso kulowa m'kati, liwombo kulowa, mwana kusakodza kapena kulefuka osafuna kumwa, thamangani kuchipatala osadikira kuti mukafike kaye kunyumba. Chilonda chikayamba kutupa, kufiira mofalikira ndi kutentha mutachoka kunyanja, chimenechonso n'cha tsiku lomwelo. Muwauze anamwino kuti mudasamba m'nyanja, gombe liti, tsiku liti. Wathu uja adachira patatha masiku anayi ndi ORS ndi zinki wa kuchipatala.

Abale ambiri amandifunsa za likodzo. M'nyanja yamchere mulibe, chifukwa nkhono zimene zimasunga tizilombo take zimakhala m'madzi opanda mchere okha. Koma m'mitsinje ndi m'madamu a KwaZulu-Natal likodzo lilimo, chimene ndi chifukwa chinanso chosalowera m'kadziwe ka kumtunda kwa mathiriro. Ndipo mukatenga ana obadwira kuno kupita nawo kumudzi, ku Senga Bay, ku Cape Maclear kapena kwathu ku Nkhotakota, kumeneko nkhani imatembenuka: palibe nambala ya pa intaneti yoti muwerenge, mumangodalira maso. Pewani malo a bango ndi udzu, madzi osayenda a pafupi ndi mudzi, ndi pamene pakuoneka zigoba za nkhono zambiri. Mukabwerako dikirani miyezi iwiri kapena itatu mukayezetse, mankhwala ake ndi praziquantel. Kuno madokotala ena saliganizira msanga likodzo kwa mwana wa m'tauni, ndiye muyambe ndinu kutchula kuti adasamba ku nyanja ya Malawi.